Mpoza wa Pangodya ya Munda

Nselema,
Machinga.
18 Seputembala, 2024.

Okondedwa achemwali a Ethel,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, ndiponso kuti mwendo uja unasiya kukuvutani. Kuno tilipo, kungoti dzuwa layamba kale kutiwamba. Mudabwa kuti ndakulemberani papepala chikhalirecho foni ndili nayo. Ndayesa kangapo kujambula mawu, koma ndikangofika pakati, ndimafufuta. Kalatayi ndapatsira a Usumani, adalaivala aja mumatumizira katundu. Muiwerenge mutakhala pansi, mabwana anu atachoka.

Bulangete lija linafika, zikomo kwambiri. Alamu anu a Enock analilanda tsiku lomwelo, akuti iwo ndiwo amazizidwa msanga, ngati kuti ine ndili ndi ubweya. Mayi aang'ono a Hellen akupempha mankhwala opaka aja, mawondo awo ayambiranso.

Nkhani yanga ndi ya munda wa amayi. Mukukumbukira kuti chaka chatha titakolola kunabwera anthu a boma a zaulimi kudzajambula minda yonse ya kuno. Ankati boma likufuna lidziwe munda uliwonse, mwini wake ndi kukula kwake, kuti feteleza wotsika mtengo asamapite kwa anthu amene sanagwirepo khasu. Nditakuuzani munaseka, n'kunena kuti bola alembe dzina langa, osati la mkamwini. Analemba langa. Chimene sindinakuuzeni ndi mmene tinayendera tsikulo, chifukwa nanenso sindinachiyese kanthu.

Kwathu kunabwera mlangizi wachinyamata, a Lloyd, munthu waulemu wake, atanyamula chifoni chachikulu chimene amati tabuleti. Anati, “Mayi, inu tsogolani, muziyenda m'malire enieni a munda wanu. Ine ndizibwera pambuyo. Pamene tikupondapo, makinawa akulemba.” Ndinasuzumira, ndipo zoonadi munda wathu unkaoneka monga amauonera khwangwala, kamzere kofiira kakutilondola. A Enock ankabwera kumbuyo kwenikweni, manja kumsana, ngati ntchito yonseyo anaibweretsa ndiwo.

Tinayambira pachulu, tinatsata khwawa, n'kukwera mpaka pangodya ya kumtunda pamene pali mpoza. Achemwali, inu mukudziwa mmene timayendera pamenepo. Chiyambire m'mawa uja pamene malemu amayi, mayi aang'ono ndi ine tinakagoneka mwana wanu patsinde pa mtengowo, palibe mkazi wa pabanja pathu amene amapondapo. Timalambalala, khasu nalo limalambalala. Miyendo yanga inazolowera, ndiye inakhota yokha ine osaganiza n'komwe. A Lloyd anakhota nane, kamzere kofiira kaja nakonso kanakhota.

Iwo anaima n'kufunsa, “Nanga kathengo aka n'kandani?”

A Enock anandilanda mawu. “Ako n'kathengo chabe, alangizi. Akazi a pano amakaopa, akuti muli njoka.”

Za njokazo tinapeka ndife, kuti ana asamakathyoleko mapoza. A Lloyd anatembenukira kwa ine. “Mayi, n'zoona? Si mbali ya munda wanu?”

Ndikananena chiyani pamaso pa mwamuna wanga ndi mnyamata wa eni ake? Amayi anatilangiza kuti mtayo, mwana wobadwa atapita kale, ndi nkhani ya akazi okhaokha. Samulira, samuika kumanda, ndipo mwamuna sauzidwa pamene wagona. Ndinangoti, “Eee, n'kathengo.” Anadina ndi chala, tinapitirira.

Chaka chino mu Juni anatiitanira msonkhano. Anatiuza kuti dera lathu lasankhidwa kukhala ndi ulimi wamthirira, wa pampu yoyendera dzuwa, ndipo pafunika malo okwera oti amangepo thanki. Bambo wofotokozayo ananyadira kuti akatswiri anafufuza pamapu aja n'kupeza kachigamba kopanda mwini, choncho palibe amene alandidwe ngakhale mzere umodzi. Anthu anawomba m'manja, azimayi anaimba nthungululu. Yanga inali yokweza kuposa onse, mukundidziwa. Ndinazindikira patapita milungu, nditapeza zikhomo zopakidwa penti yofiira zitazungulira mpoza.

Ndinathamangira kwa mayi aang'ono. Anandimvera mpaka kumapeto, kenako anati, “Khala chete, Nelia. Amene uja si maliro. Ukakamutchula pabwalo ukufuna utseke mimba za ana athu? Ndani anaonapo mtayo ukukambidwa pamaso pa amuna?” Ndinawafunsa ngati kuli bwino kuti amuthire simenti pamutu. Anati nthaka inamutenga kalekale. Ndinawapsera mtima, ndipo mpaka lero sunaphwe bwinobwino, ngakhale ndikudziwa kuti analankhula zimene nawonso anauzidwa.

Masiku awiri ndinangokhala ndikuzungulirazungulira pakhomo ngati nkhuku yofuna kuikira. Masiku amenewo ndi amene amandipweteka kwambiri. Kenako ndinamva kuti a Lloyd ndi anzawo anasamukira ku Balaka, akujambula minda ya kumeneko. Ndinanamiza a Enock kuti ndikukaonetsa dzino, n'kukwera minibasi mpaka ku Liwonde, ina mpaka ku Balaka. Wakabaza anandizunguza tauni yonse tisanapeze pamene amagwirira ntchito. Nditafika anati apita kumidzi, ndibwere mawa. Ndinagona kwa mnzanga wa kumpingo amene anakwatiwa kufupi ndi siteshoni ya sitima.

M'mawa ndinawapeza. M'chipindamo munali amuna atatu, aliyense maso pakompyuta. Achemwali, chimene ndinalephera kunena kumunda kwathu pamaso pa amuna awiri, ndinachinena kwa eni ake pamaso pa atatu. Sindinabise kanthu.

A Lloyd anatsegula mapu a mudzi wathu n'kundilozera. “Onani, mayi. Paliponse pali manda timaikapo kachizindikiro aka, ndipo palibe amakhudzapo. Ndinakufunsanitu.”

“Munandifunsa pali amuna anga,” ndinatero.

A Lloyd anachotsa chala pamapu. Kenako anati, “Nanenso ndimangomva kuti ndisanabadwe kunali wina. Sindidziwa pamene ali.” Sanandinyoze, ndisawanamizire. Anati kusintha mzere n'kotheka, koma pafunika amfumu ndi mboni avomereze kuti pamenepo pagona munthu. Mboni yake iti, poti amayi anapita ndipo mayi aang'ono atseka pakamwa? A Lloyd anaimbira foni mkulu wa zomangamanga, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Atadula anangoti, “Mayi, fulumirani kwanu.”

Ndinafika dzuwa litapendeka. Mpoza unali utagwa. Pamalo pake panali dzenje lalikulu lofika m'chiuno, muli amuna a m'mudzi mwathu ndi mapiki ndi mafosholo. Anawalemba ganyu dzulo lake, ine ndili pamsewu. Mmodzi wa iwo anandikwezera dzanja akuseka, thukuta lili kamukamu. Anali a Enock.

Sindikumbukira mmene ndinafikira kunyumba. Pakhonde ndinapeza mtolo wa nkhuni zaziwisi za mpoza uja, a Enock atandisanjira bwino, poti amadziwa mmene nkhuni zikuvutira masiku ano. Ataweruka anasamba, anakhala pampando wawo, n'kupisa m'thumba. “Taona, amake Cathy, ana awa amasewera mpaka m'thengo la njoka. Uchape aka, mwanayu aveke chidole chake.”

Kanali kachipewa, achemwali. Kachikasu, kokhala ndi mzere woyera m'mphepete, pamene ulusi unakutherani mukuluka pakhonde pa amayi. Ndi ine ndinamuveka mwana wanu m'mawa umene uja, inu mutandipempha chonong'ona amayi asakumva. Nsalu imene tinamukulunga inawola, koma ulusi wa m'sitolo uja suwola.

Ndinafunsa, “Panalibe china?”

“China ngati chiyani? Mizu basi.”

“Nanga dothi lapita kuti?”

“Thirakitala yakathira mumsewu, pamene pamaterera paja. Bwanji kodi?”

Ndinawauza. Mwambo umene ndinausunga pamene kuuphwanya kukanathandiza, ndinauphwanya kawiri tsiku limodzi, madzi atatayika kale. A Enock anayang'ana manja awo, anawatembenuza uku ndi uku. Anati, “Zaka zonsezi tikugona nyumba imodzi, Nelia, mpaka kundisiya ndikumbe mwana ndi manja angawa?” Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Ananyamula nkhuni zija n'kukazibweza. Kuganyu sanapitekonso, ndipo anthu akuwaseka kuti ulesi wa mkamwini waonekera. Iwo popita kumsika sadutsanso msewu uja, amazungulira kudambo.

Izi zinachitika mu Julaye. Mu Ogasiti munaimba, ndipo potsanzika munafunsa monga mumachitira nthawi zonse, “Nanga mpoza?” Ine ndinati uli bwino. Ndinakunamizani, achemwali, ndipo ndikuchita manyazi. Ndinkamva mipika ikulira kumbali kwanu, ndinadziwa kuti muli m'khitchini ya eni ake, ndiye ndinaopa kuti mugwa pomwepo popanda wokudzutsani. Ndikudziwa kuti chichokereni kuno, banja litatha, Mulungu sanakupatseninso wina. Ndikudziwa kuti mukamati kwathu, simunena nyumba ya amayi imene inagwa, mumanena pamtengo paja.

Thanki anamaliza kumanga. Ndi yaikulu, yobiriwira, imaonekera kutali, ndipo akuti madzi ayamba kuyenda mwezi wamawa. A Lloyd anandiimbira kuti anawauza anzawo azifunsa azimayi paokha akapeza kathengo kolambalalidwa. Ndinawathokoza, mwina athandizika ena. Dzina langa lili m'gulu la olandira madzi, ndipo sindikunamizaninso, ndidzathirira. Chimanga cha chaka chino chinapsa ndi dzuwa, ana ayenera kudya. Koma sindikudziwa kuti tomato wake ndidzamumeza bwanji.

Tsopano pempho langa. Kachipewa ndinakachapa, kali m'sutikesi ya amayi. Sindinakaike mu envulopu, ndinaopa kuti kangakupezeni muli nokha. A Enock akuti tikakaike kumanda, pambali pa amayi, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona. Akuti akumba okha ndipo akhoma mtanda. Mayi aang'ono akuti tikatero iwo sadzapondanso pakhomo pathu. Ine ndatopa ndi kukhala chete, koma mwana ndi wanu. Alamu anu akundifunsa kuti pamtandapo alembe chiyani. Ine ndinamva dzina limene munamunong'oneza asanamutulutse m'nyumba, ngakhale munkayesa kuti sindinamve. Sindinauzepo munthu, ndipo ndi pano pokha pamene ndikulilemba: Thandizo.

Landirani moni kuchokera kwa mayi aang'ono, amene sakudziwa kuti ndalemba kalatayi. A Enock akupereka moni, akuti alibe nkhope yolankhulira nanu pafoni. Sadiki wa kwa aneba, amene munkamubereka uja, wakwatira, akuti mumukumbukire. Cathy wanu wayamba sitandade 3 sabata ino, yunifolomu yamufupikira kale. Akanakhala kalasi imodzi ndi Thandizo, mwinanso benchi imodzi.

Mukaimba musandifunse za mpoza, achemwali. Ngati mwalola, mungotchula dzina lija mokweza, ine ndikagula bolodi ndi penti. Ngati simunalole, mungoti iyayi, ndimva. Ndipo ngati simuimba konse, ndimvanso.

Ndine mng'ono wanu,
Nelia.