Anaika njoka yanga m'bokosi limodzi ndi yawo, ndipo inafa

Aphungu,

Ndalembera inu chifukwa kwathu kuno aliyense akungondiseka. Mlongo wanga wamng'ono, Bagas, asanamwalire chaka chatha anandisiyira njoka yake yoweta, ya mawanga ofiira, yopanda ululu, zija amati njoka za m'chimanga. Inali yaikazi, isanakule kwenikweni, dzina lake Kunyit. Ali m'chipatala anandiuza kuti, "Mbak, achemwali anga, mundisamalire ameneyu. Amakonda kukhala yekha ngati inu."

Amuna anga, a Danang, nawonso ali ndi yawo yaimuna. Titasamukira ku nyumba yaing'ono anati mabokosi awiri agalasi akutha malo. Ndinakana. Tsiku lina ndili kuntchito anaziika m'bokosi limodzi, langalo n'kupatsa mnzawo woweta nsomba. Nditabwera anati, "Taona, Dik, mkazi wanga, zapiringizana, zakondana. Wansanje ndi iwe."

Kunyit anasiya kudya. Ndikamuikira mbewa ankangoinunkhiza n'kubwerera. Kenako mimba inatupa. Dokotala wa ziweto anati mazira akanirira m'mimba chifukwa thupi lake linali lisanafike poikira. Kunyit anafera patebulo la dokotalayo pomwepo.

Apongozi anga anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Akuti, "Mdzukulu sunatipatse, koma misozi yolirira njoka uli nayo!"

Dzulo a Danang anabwera ndi kanjoka kena kakang'ono. "Nayu Kunyit wako, tsopano seka." Akufuna kukaponyanso m'bokosi lomwelo. Mawu oti pepa sanawatchulepo. Sindikuwayankhula. Nthawi zina ndimalakalaka kutsegula bokosilo kuti yawoyo ithawire kuminda ya mpunga, nawonso amve kuwawa. Kodi ndine wopenga?

R.W., Malang

Mwana wanga R.W.,

Simuli wopenga. Mwataya chinthu chamoyo chimene mlongo wanu anakusiyirani m'manja, ndipo amene anayenera kukutonthozani anakusekani.

Tiyambe ndi kanjoka katsopanoko, chifukwa kali pangozi lero lomwe. Musalole kuti kalowe m'bokosilo. Njoka zimenezi sizisowa mnzake. Zikasanjikizana sikuti zakondana, zikulimbirana malo abwino, ndipo yofooka imasiya kudya. Yaikulu ikhozanso kumeza yaing'ono. Pezani bokosi lina, ngakhale lapulasitiki lokhala ndi timabowo ta mpweya ndi chivundikiro cholimba. Muikemo madzi ndi pobisala, ndipo mulisunge m'chipinda china mpaka mutatsimikiza kuti kanjokako kalibe matenda. Ngati mtima wanu sukukafuna, kabwezeni kwa amene anakagulitsa. Palibe angakukakamizeni kukatcha Kunyit.

Za a Danang, kukhala chete kwanu akukuona ngati kunyanyala kwa masiku ochepa. Pitani nawo kwa dokotala uja, amve ndi makutu awo chimene chinapha Kunyit. Mukabwerako muwauze kamodzi, apongozi palibe: "Ndinakana, Mas, amuna anga, inu munachitabe ine kulibe." Nkhani yagona pamenepo. Akapepesa, pali poyambira. Akasekanso, itanani wamkulu wa kubanja kwanu, chifukwa mwamuna wodikira kuti muchoke kuti achite zimene mwakana sadzalekera pa njoka.

Koma bokosi lawolo musalitsegule. Njoka yoleredwa m'galasi ikafika kumundako, woyamba kuiona adzaiphwanya mutu ndi khasu. Sinakulakwireni, ndipo ikafa choncho a Danang adzapeza chifukwa chosapepesera mpaka kalekale.

Aphungu