Ndagogoda Khoma la Agogo

Lachitatu, kukuzizira. Lero ndachita zauchitsiru moti chakudya chandikanika.

Kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, kuli agogo ena achizungu amene ndimawasambitsa. Makolo awo ankakumba migodi ku Cornwall, ku Mangalande. Agogowo akamadya payi amasiya kachidutswa pawindo, ati n'ka tianthu ta mumgodi timene timagogoda pochenjeza anthu denga likafuna kugwa. Ine ndimawaselewula, "Agogo, anzanu aja abwera liti kudzatenga tekeawe yawo?"

Ndiye masanawa ndinaima panja n'kugogoda khoma lawo pang'onopang'ono. Ndimati aseka. Polowa ndinapeza atsika okha pabedi, opanda ndodo. Anandigwira malaya n'kumandikankhira kukhomo, ali, "Thawa mwanawe, ine ndisiye, kukugwa kuno!"

Akanaterereka, chiuno chikanathyoka chifukwa cha ine.

Anti Nachisale, nesi wa shifiti yathu, anafunsa chimene chachitika. Ndinati mwina ndi mapaipi. Anangondiyang'ana, ali, "Mapaipi eti, achimwene?"

Mpaka poweruka agogowo amauza aliyense kuti andipulumutsa. Ndipo ine ndinawathokoza pamaso pa anthu, osaulula kanthu. Kuthokoza ndithu, ine...