Zala za Woimba Mbira

Lachiwiri, 5 Juni 1984

Kuzizira koopsa, mapiri onse ali mu nkhungu. Kusaluni kwabwera mtsikana wa ku Zimunya, dzina lake Emelda, manja atabisa m'juzi. Abwana, Amayi Evah, angoyang'ana kamodzi n'kuti, "Loice, uyu ndi wako."

Kutulutsa zalazo, mayo ine! Wina kukomboni ya Sakubva anamumata zikhadabo zapulasitiki ndi guluu wa nsapato. Zitayamba kuwawa anazikanganula ndi mpeni. Zake zenizeni zatsala zopyapyala ngati khungu la anyezi. Cha chala chachikulu chakumanja chatukuka, pansi pake pabiriwira.

Ndaziwenga zonse, osapala pamwamba. Mafuta a nsatsi m'mphepete. Chobiriwiracho ndati apite nacho kukiliniki, si ntchito yanga. Polishi ayi, kuchapa ayi. Iye osalira n'komwe.

Lachisanu, 15 Juni

Wabweranso, ali ndi mankhwala odontheza a kukiliniki. Lero wamasuka. Amaimba mbira, sansi ya kuno ija! Munthu wamkazi! Ine ndimayesa n'za amuna okha. Anamuphunzitsa ndi mlongo wake Wilbert asanadutse mapiri kupita kunkhondo. Sanabwerere. Mu Ogasiti akubanja achita mwambo wobweza mzimu wake pakhomo, ndipo amayi awo akuti woimba akhale Emelda, pa mbira ya malemuyo. Zikhadabo zake zinkang'ambika pa zitsulo, n'chifukwa chake anafuna zolimba.

"Sisi, zimera nthawi isanakwane?"

Ndati sindikudziwa, bola asakhudze mbira. Wandiyang'ana ngati ndamuletsa kupuma.

Lamulungu, 17 Juni

Kutchalitchi ndapempherera zala za munthu woimbira mizimu. Kaya n'zololedwa. Pobwerera ndawafunsa bambo a kunyumba, a Saulosi. Ati, "Nanga zalazo analenga ndani?"

Lachisanu, 6 Julayi

Chamera! Kutsinde kwatuluka kamzere kosalala, kofiirira, ngati ka mwana wakhanda, kakukankha chakufacho pang'onopang'ono. Zaka zonsezi ndikupenta zikhadabo za anthu, sindinaimepo n'kuganiza kuti thupi limadziluka lokha mwakachetechete, mwini wake ali pabasi kapena akusenda mbatata. Ndaitana Amayi Evah. Nayenso kasitomala wadzuka pa makina oumitsira tsitsi, marola ali kumutu. Anthu atatu akuluakulu kuwerama pa chala chimodzi.

Lachitatu, 25 Julayi

Chikhadabo chakumanzere chang'ambika pakona. Akuti anangoyesa nyimbo imodzi. Ndamukalipira mpaka Amayi Evah kusuzumira. Iye n'kuti, "Ndimaopa kuiwala, sisi. Ndikaiwala ine, nyimbo zake palibenso wozidziwa."

Ndangotenga lumo n'kuwenga.

Lachinayi, 16 Ogasiti

Zatsopano za zala zazikulu zonse zadutsa theka. Ndazidina, zalimba. Akuti ndipite nawo Loweruka.

Loweruka, 18 Ogasiti

Zimunya, basi ya m'mawa. Emelda ndinamupaka mafuta kuseri kwa khitchini, kenako anakakhala pamphasa, mbira ili m'chikho chachikulu.

Sindidziwa ndilembe bwanji. Zala zitatu zokha, koma ungati akuimba anthu asanu. Ngati madzi akugwera pa miyala yambiri nthawi imodzi, pansi pake wina akung'ung'udza. Azibambo a imvi misozi chuchuchu, osapukuta. Ine maso ali pa chala chachikulu chija. Chikukwera, chikutsika, osang'ambika.

Atapumira, amayi ake anabwera n'kundigwira manja onse awiri. "Mutupo wako chii, mwanangu?" Amafunsa mfunda wanga. Ndinabadwira pafamu konkuno, koma palibe anandifunsapo zimenezo. Kusukulu ankati ife a ku Malawi tilibe mfunda.

Ndinati, "Mbewe."

"Mbeva!" Ndiye mbewa m'chilankhulo chawo. Anatembenuka kuuza anthu onse. Kenako mayi wamkulu uja anagwada pafumbi, patsogolo panga, n'kuyamba kuwomba m'manja, akundithokoza ndi mayina a makolo amene sindinawamvepo. Azimayi nthungululu, azibambo kuwomba nawo.

Ndinagwada nanenso. Diresi langa la kutchalitchi lafiira m'mawondo, ndipo sindinalichape.