Tsamba la Sukulu ya Bela

Milange, 13 Novembala 2023

Okondedwa achimwene a Tomás,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Quelimane kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo. Khoma lakumbuyo lomwe linagwa ndi namondwe lija tamaliza kumanga, malata takhoma, kwangotsala pulasitala. Mayi mwendo ukuwavutabe, koma akumayenda okha mpaka kutchalitchi.

Mudabwa kuti ndikukulemberani papepala pomwe foni ilipo. Foni ya pakhomo pano ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba mwa amuna anga, alamu anu a Custódio. Nkhani iyi sindifuna idutse m'thumba limenelo. Kalatayi ndapatsira a Isaura, mnzanga wa m'kwaya amene amagwira ntchito ya makompyuta pa ofesi ina kumalire, poti akubwera kumeneko.

Rauta ya intaneti ndi laputopu yakale zimene munatumizira mwana wanga Bela titabwerera m'nyumba zakhala zikugwira bwino miyezi yonseyi. Koma sabata yatha, atayamba kulembetsa mayeso olowera kusukulu ya unamwino ya ku Quelimane kumeneko, tsamba la sukuluyo linakana kutseguka. Kachizindikiro kaja kankangozungulira, kenako n'kubwera mawu oti tsambali silikupezeka. Tsiku lomaliza kulembetsa linali Lachisanu.

Bela anayesa zonse zimene munamuphunzitsa. Anazimitsa rauta, kudikira pang'ono, n'kuyatsanso. Anachotsa khadi la netiweki n'kulipukuta. Timagetsi take tonse tinkayaka bwino. Anaisuntha kukaiika pawindo loyang'ana kutauni, poganiza kuti mwina ikukoka netiweki ya ku Malawi monga amachitira mafoni kuno. Chodabwitsa chinali chakuti masamba ena ankatseguka, nyimbo zinkalira, la sukulu lokha ayi. Tinkaganiza kuti vuto lili kusukuluko, mpaka tinamva kuti mtsikana wina wa ku Majaua walembetsa Lachiwiri popanda chovuta.

Achimwene, mukanawaona alamu anu masiku amenewo. Anakwera padenga masana kukutentha, rauta ili m'manja, chingwe cha magetsi chikulendewera, ati akusaka netiweki. Anatukwana kampani ya mafoni mpaka aneba anamva. Bela atapempha foni yawo kuti ayesere, anati batire yake ikuvuta. Atapempha kuti akalembetse pa makompyuta a kutauni, anati mapepala a mwana sasiyidwa m'manja mwa anthu osawadziwa. Lachitatu, tisanadye chakudya cha masana, anatigwira manja n'kupemphera kuti Mulungu atsegule njira ya mwana wawo. Ine ndinalira pa pemphero limenelo.

Lachinayi titamaliza kuphunzira nyimbo ndinawadandaulira a Isaura, ndipo anabwera nane kunyumba. Sanachedwe nazo. Analumikiza laputopu ku foni yawo, tsamba lija linatseguka nthawi yomweyo, chithunzi cha sukulu chili pamwamba.

"Ndiye kuti vuto si la sukulu, si la laputopu," anatero. "Lili m'nyumba muno."

Anatembenuza rauta, kuwerenga timanambala tapansi pake, n'kutilemba mu laputopu. Anandifotokozera kuti mkati mwa rauta muli malo amene kholo limalembapo masamba oti ana asamaone. Atatsegula malowo anatembenuzira laputopu kwa ine. Panali dzina limodzi lokha, la sukulu ya unamwino ija.

"Izi sizidzilemba zokha, mayi a Bela."

Pamenepo ndinakumbukira kuti masabata awiri apitawo bambo ake anatenga rautayo kupita nayo kumsika, ati wokonza mafoni akaipemerere fumbi. Bela anali atayima kumbuyo kwanga, ndipo ndinadziwa kuti nayenso wakumbukira. Anakhala pampando, a Isaura anafufuta dzina lija, ndipo Bela analembetsa pomwepo. A Isaura anasinthanso senha, mawu achinsinsi olowera mu rautayo, n'kumunong'oneza Bela yekha.

Alamu anu atabwera kuchokera kumalire, komwe amagulitsa nandolo, ndinawafunsa. Ndinkayembekeza kuti akana, kapena achita manyazi. Anavula nsapato, kuzigogoda fumbi, n'kunena kuti:

"Akapita ku Quelimane, nandolo aziyeza ndani? Ogula aja amandipusitsa pasikelo iye akangochokapo."

Atatero anafunsa ngati madzi osamba atentha.

Sindinakalipe, achimwene. Akanabwera n'kunena poyera kuti sakufuna mwana achoke, tikanakangana, mwina tikanakuitanani, nkhani ikanatha ngati za m'banja lililonse. Koma kukwera padenga paja, thukuta lili kamukamu, akudziwa. Kundigwira dzanja n'kutchula dzina la Mulungu, akudziwa. Munthu uyu ndi amene anabereka mayi kumsana madzi akufika m'chiuno, ndipo miyezi iwiri tinagona naye pansi m'kalasi, kumsasa wa othawa madzi, tikudikira kubwerera. Lero akayamba kudalitsa chakudya ndimakhala maso ali tong'o.

Pali chinanso chimene sindinauze munthu. Tsiku loyamba limene tsamba lija linakana, mtima wanga unapepuka. Chichokereni kumsasa kuja ndimaopa nyumba yopanda anthu, ndipo ndinaganiza kuti mwina mwanayu akhala nane chaka china. Sindinagwire rauta, sindinalembe kanthu, koma ganizolo linalipo, ndipo likamandibwerera ndimadzinyansa ndekha.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti Bela abwere kwa inu msanga, asadikire sabata ya mayeso. Akadali kupita kukayeza nandolo m'mawa uliwonse, osayankhulana ndi bambo ake, ndipo wayamba kuonda. Mukavomera, muwauze a Isaura, musaimbe pafoni ija. Mayi musawauze chilichonse. Amawatcha a Custódio mwana wawo, ndipo pa ukalamba wawo sindifuna kuwalanda zimenezo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Mayi akuti mwatalikitsa. Bela akupereka moni, akuti mphasa yake abwera nayo yekha, musavutike. Alamu anu sakudziwa kuti ndalemba, choncho moni wawo mulibe m'kalata muno.

Ndine mlongo wanu,
Josefina