Alamu Anu Aone Kanema Yense

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno ndilipo, kungoti thupi likuwawa paliponse ndipo mtima suli m'malo. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanafike n'pakati pomwe.

Ntchito ndi yomwe ija ya ulonda pakhomo la sitolo yaikulu: kuima tsiku lonse, kusuzumira m'zikwama za anthu, kumwetulira ngakhale akutukwane. Chaka chatha mnzathu wina anamenya mbava chibakera, mano pansi, ntchito n'kuthera pomwepo. Abwana anati safunanso zibakera pasitolo pawo, mlonda aphunzire kugwira munthu osamuvulaza. Umu ndi mmene ndinayambira masewera otchedwa jujitsu ya ku Brazil. Ndi kulimbana kwa pansi kopanda kumenyana. Mumagwetsana, kupanikizana, kupindana mikono kapena kukolana khosi mpaka wina aombe pansi ndi dzanja kusonyeza kuti wagonja.

Timaphunzirira m'chipinda cha pamwamba pa galaja, chonunkha thukuta ndi oyilo. Ndikaweruka ndimakwera masitepe ake miyendo ikukana. Poyamba ndinkadalira mphamvu, paja kwathu munkanditcha chimphona. Ndinkagwera anzanga ngati thumba la simenti, kenako mpweya n'kundithera, n'kugonja. Aphunzitsi athu, bambo wamfupi wa makutu otupa, anandiuza kuti ndi mphamvu zimenezo ndidzakalamba ndi lamba woyera, wa ongoyamba kumene. Anati ndisiye kusankha tianyamata timene ndikudziwa kuti nditigonjetsa, ndizilimbana ndi ondiposa luso, makamaka ochepa thupi. Anatinso ndiziyambira pansi, chagada, ndiphunzire kupuma modekha wina atandikhalira pachifuwa. Njira imodzi yozembera ndaibwereza mpaka tsiku lina ndinaichita kutulo, n'kugwa nayo pabedi.

Langizo lawo lomaliza ndi limene landiika m'mavuto. Anati tizijambulana kanema polimbana kuti munthu azidzionera yekha pamene amalakwitsa. Kuthandiza zimathandizadi. Ine ndinaona kuti ndimatambasula mkono ngati wopemphetsa, ndiye aliyense amangoutola. Koma wojambulayo anadulamo chithunzi chimodzi n'kuchiika patsamba la gulu lathu pa intaneti.

Pachithunzipo ndili ndi mayi wina, namwino wa imvi zake ndithu, amene timawatcha Ankhanu chifukwa akakugwira sasiya. Iwo ali chagada, andikulunga miyendo m'chiuno, ine nkhope ili pafupi ndi khosi lawo. Wodziwa masewerawa akaona pamenepo amadziwa kuti mwamunayo ali m'madzi. Wosadziwa amaona zina, mukumvetsa nokha. Msuweni wathu wa kusaluni uja, amene nkhani siigona m'mimba mwake, anachipeza n'kutumizira mkazi wanga.

Alamu anuwo anandiimbira kamodzi kokha. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangondifunsa motsitsa mawu ngati ulonda wake ndi umenewo. Kenako anati adikira mokwanira, ndipo akuganiza zotenga mwana n'kubwerera kwa makolo awo. Kuchokera tsiku limenelo foni imangoitana, ndipo chilichonse chimene ndatumiza satsegula.

Ndinawafotokozera Ankhanu. Anaseka mpaka misozi, koma ataona nkhope yanga anasiya. Anati ali okonzeka kulankhula okha ndi alamu anu, amuna awo ali pambali. Ndinakana. Mawu a mzimayi ameneyo pafoni ya alamu anu, kumeneko n'kukolezera moto.

Ndatopa, Achemwali. Masana ndimaima pakhomo paja maso ali pazikwama, nzeru zili kumeneko. Madzulo pamatiresi olimbanirapo ndimaiwala zonse zimene ndaphunzira, mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndikudwala. Zosiya ndaziganizapo. Koma abwana andiona bwanji? Komanso ndinene chilungamo, kuno munthu umatha mwezi popanda wokugwira ngakhale paphewa. M'chipinda mwanga muli bedi, ketulo ndi ine basi. Pamwamba pa galaja paja ndi pokhapo pamene anthu amandifunsa chifukwa chimene sindinaonekere dzulo. Ngakhale zili choncho, alamu anu akanena kuti ndisankhe, ndisiya. Lamba sangandiitane kuti adadi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Pempho langa ndi limodzi. Ndakutumizirani kanema yense pafoni yanu. Mupite nokha kwa alamu anu, osatuma mwana, osaimba foni. Mukhale nawo pansi muonere limodzi mpaka kumapeto, osathamangitsa. Mudzaona chimene chinatsatira chithunzi chija: mlongo wanu, chimphona chanu chija, akutembenuzidwa ndi agogo a eni ake, khosi litakoledwa ndi jekete lake lomwe la masewera, maso ali tong'o, akuomba pansi mwamsangamsanga anthu akuseka. Ndinkapemphera kuti manyazi amenewa asafike kwathuko. Lero ndi okhawo amene angandisungire banja.

Musandiikire kumbuyo ndipo musawanyengerere, mukudziwa kuti sakonda zimenezo. Mungoyang'ana nkhope yawo. Akaseka, ngakhale pang'ono pokha, mundiimbire nthawi yomweyo ngakhale ndili pantchito. Akapanda kuseka, musandibisire. Ndidzapempha tchuthi ndibwere ndekha, za ntchito zidzaoneka m'tsogolo.

Mupereke moni kwa amayi, koma nkhaniyi asaimve kaye, mtima wawo mukuudziwa. Moninso kwa bambo a kunyumba, achimwene ndi banja lawo, azakhali, ndi ana nonse. Moni wa msuweni ndausunga kaye kuno. Mwana wanga mukamunyamuleko m'malo mwanga, mumuuze kuti adadi ake sanamuiwale.

Tsalani bwino, ine ndikhala ndikuyang'ana foni.

Ine mlongo wanu wotopa,
Mzime wa amayi