Dzanja la a Petridis

Lolemba, 4 Novembala

Adelaide yense wofiirira ndi maluwa a jakaranda. Mu labu, botolo lachisanu ndi chiwiri. Phala lachikasu ngati uchi, pomwe ife tikufuna timibulu toyera touma. Miyezi isanu ndi itatu tsopano.

Mayi anandifunsa pa foni kuti kwenikweni ndimapanga chiyani. Ndinati mankhwala a nthenda yonjenjemera ambiri amathera m'mimba asanafike ku ubongo. Ife tikuwalumikiza kachidutswa kena koti adutse m'matumbo ali chigonere, chiwindi n'kukawamasula. Iwo: "Nanga iweyo ukugona mokwanira, Bronwyn?"

Lachinayi, 7 Novembala

A Petridis, mkulu wa labu yathu, amathira madzi m'botolo langa. Dzanja lamanja likugwedera, mlomo wa galasi ukulira pa unzake. Analibisa m'thumba msanga.

"Khofi wa Eleni uyu," anatero. "Mkazi wanga afuna kundipha."

Ndinaseka nawo. Kenako ndinakakhala kuchimbudzi osachita kanthu. Zaka makumi awiri akufufuza nthenda imene inatenga mayi awo. Zizindikiro zake anandiphunzitsa ndi iwo omwe.

Loweruka, 9 Novembala

Ndinakwera tiramu, kasitima kamagetsi kopita kugombe la nyanja ku Glenelg, popanda chifukwa. Dzuwa pawindo, tulo. Ndinalota ndili m'kati mwa botolo, ine wamng'ono ngati nyerere, ufa woyera ukugwa pang'onopang'ono, osandizizira. Wina akundiyang'ana kunja kwa galasi, diso lalikulu lachifundo. Anandidzutsa ndi mayi wina amene anali ndi galu, tafika kumapeto.

Nsomba ndi tchipisi, ndekha. Mbalame zinadya zambiri kuposa ine.

Lachitatu, 13 Novembala

Botolo lachisanu ndi chinayi. Masiku atatu mu fuliji, phala lomwe lija. Ndinati ndilitaye. A Petridis anandiletsa.

"Bwera nalo kuno, waulesi iwe. Ana a masiku ano mumafuna makina akutafunireni."

Anatenga kamtengo kagalasi n'kuyamba kukanda m'kati mwa botolo. Dzanja lonjenjemera lija, osalibisanso. Anaona kuti ndikuliyang'ana.

"Ukuona? Likukanda lokha. Lako likanatopa kale."

Patapita mphindi mwina khumi, kamtambo koyera pamene anakandapo. Kanayamba kufalikira mwakachetechete, timibulu tosongoka ngati singano, mpaka botolo lonse mbuu. Tinangoima. Panja wina amatchetcha kapinga. Fungo lake ndikulimvabe.

Lachisanu, 29 Novembala

Masabata awiri osalemba. Kuyeretsa, kuyeza, kuyezanso.

Zotsatira zabwera. M'madzi a m'mimba mankhwala athu sakusweka. Akakumana ndi chiwindi cha khoswe akumasuka pa mphindi makumi anayi. Monga tinajambulira pa bolodi chaka chatha, ndendende.

A Petridis anagula mabanzi a kirimu a labu yonse. Titatsala awiri ndinawafunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji kuti mankhwalawa afike kwa anthu. Yankho ndimalidziwa.

"Zaka khumi, zikayenda bwino. Ine sadzandipeza, Bron. Chotsa nkhope yamaliroyo, ukundiwawitsira banzi."

Kirimu anali atawagwera pa taye. Sindinawauze.

Lolemba, 9 Disembala

A Petridis auza akuluakulu a sukulu za matenda awo. Asiya ntchito pa Khirisimasi. Akuti apita kwa mchimwene wawo ku Port Lincoln, akawedze nsomba. "Nyambo izidzavina yokha."

M'mawa uno ndinawapeza pakhomo la labu atavala khothi loyera la mu labu, lotsegula, akulimbana ndi batani limodzi. Kaya anaimapo nthawi yaitali bwanji. Atandiona anatsitsa manja.

"Tandimangire, mwanawe."

Ndinayambira lapansi. Iwo maso kudenga, akulongosola za mawa: magalamu makumi asanu ulendo uno, botolo lalikulu, madzi oundana ambiri, ndisathamange pothira asidi. Ine ndikungoti inde, inde.

Batani lachitatu linandivuta. Ndinaliyesanso mpaka linalowa, iwo akulongosolabe za mawa.