Thalakitala ya Paison ndi Pemphero la Mvula

Lolemba, 21 Novembala 2011

Udzu wa m'dambo ndatha kumweta. Atamandike Mwini mphamvu. Msana wokha ndiwo sukutamanda. Dambo limeneli, chimwalirire atate anga, khasu silinaligunde. Nsenjere, mlulu ndi achule basi. Chaka chino ndatsimikiza mtima kuti ligawulidwe mvula isanagwe, mizu iwole m'dzinja, ndipo pofika Meyi tibzalemo mbatata ya kachewere. Pakuti mvula ikangogwa, thalakitala silowamo kufikira chaka chamawa.

Ngalande ziwiri ndakumba, madzi a kasupe akutsikira kumtsinje. Pansi payamba kulimba. Chidendene chikulowa pang'ono pokha. Paison, mwini thalakitala wa ku Kandeu, walonjeza Lachitatu. Anati, "Madala, tambala asanalire mundimva."

Lachinayi, 24 Novembala

Tambala analira dzulo. Waliranso lero. Paison ayi. Pa foni akuti dizilo kulibe, ali pamzere ku boma.

Tatentha udzu. Wapansi ngwauwisi, utsi wokhawokha wokwawa ngati nsembe ya Kaini. Mkazi wanga, a Zelesi, akuti ndikununkha ngati mlamba wowamba, ndisakhale pampando wa nsalu.

Lachiwiri, 29 Novembala

Dizilo wapezeka, tayala laphulika. Tayala lamatidwa, malume ake amwalira ku Champiti. Maliro sinditsutsa. Koma malume a Paison akumwalira kawirikawiri.

Dzuwa likuswa mtengo. Kwa ine nkwabwino, dambo likuumirabe. Kwa anzanga ayi. Ambiri anabzala ndi kamvula konyenga kaja ka kumayambiriro kwa mwezi, ndipo chimanga chapota masamba ngati anyezi.

Lachinayi, 1 Disembala

Taonani msampha! Abusa andituma kuti Lamulungu lino, pa mapemphero opempha mvula, nditsogolere ndine, popeza ndine wamkulu mwa akulu a mpingo. Ndinavomera. Ndikanakana bwanji? Mpingo wonse ufuna mvula lero. Ine ndiifuna Paison atadutsa. Iye tsopano akuti Lachiwiri, ndipo walumbira pa manda a malume ake.

Lachisanu, 2 Disembala

Ndakonza pemphero. Lokoma, losanama ngakhale liwu limodzi: kuti Yehova, wodziwa nyengo, atsegule mazenera a kumwamba pa nthawi yake yoyenera, osafulumira, osachedwa. M'mtima, nthawi yoyenerayo ndi Lachitatu masana.

Ndinaliyeseza pakhonde. A Zelesi, akusankha nyemba, osadzutsa ndi mutu womwe, anati, "Abambo, mwayamba kumuikira tsiku Mulungu monga Paison akuikirani inu?" Ndinawauza kuti za pemphero azisiyire akulu a mpingo. Iwo anati za akulu a mpingo amazidziwa, amachapa malaya awo.

Sindinadye bwino.

Lamulungu, 4 Disembala

Tchalitchi chodzaza, malata akuthetheka ndi kutentha. Ndinaimirira, pemphero langa lili chile pa lilime. Ndisanatsinzine ndinaona Christobel, mkazi wamasiye wa malemu Hilary, pa benchi la amayi, ana atatu atamutsamira. Mbewu yake yonse ili m'nthaka, ina alibe. Milomo yake inali itayamba kale kupemphera, osadikira ine.

Mawu anga okonzakonza aja anandithawa. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Atate, lero! Osati mawa, lero! Ana anu afota." Ndinalira pamaso pa anthu, ine mwamuna wa imvi.

Ameni wamkulu koposa anachokera kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Paison. Munthu amene sabata yonse anali ku maliro, ndi uyu wavala jekete, nkhope yowala.

Lolemba, 5 Disembala

Madzulo mphepo inatembenuka. Mitambo yakuda kuchokera ku Biriwiri. Kenaka chimvula, cha matalala ndi mabingu, ngalande zanga zonse ziwiri kusefukira. Ana kuvina pabwalo. A Zelesi kutchera ndowa, mabeseni, ndi mphika wa maliro womwe. Ine pakhonde, kuyamika ndi theka la mtima, theka lina lili m'dambo. Yehova aona zonse ziwiri, kubisa nkwachabe.

Lachiwiri, 6 Disembala

Tambala asanalire, phokoso pamsewu. Paison! Tsiku lokhalo limene wasunga mawu ake. Anatsika akuseka, nati, "Madala, pemphero lanu lathamanga kuposa thalakitala yanga."

Ndinamuchenjeza kuti pansi pasanduka phala, abwerere. Iye anati makina ake anagawulapo madambo oposa ili, ndisaope. Analowa. Mzere woyamba unatembenuka bwino, dothi lakuda lonyezimira, mtima wanga nudumpha. Mzere wachiwiri, pakati penipeni, matayala anayamba kuzungulira pamodzimodzi, matope kuulukira kumwamba. Anaponda moto, thalakitala inamira. Anapondanso, inakhala pansi ndi mimba. Magaleta a Farao m'dambo la atate anga.

Sindinaseke. A Zelesi anandisekera.

Lachisanu, 9 Disembala

Mvula tsiku ndi tsiku. Ng'ombe zinayi za mnansi wathu a Fanizo zinakoka dzulo, chingwe chinaduka, thalakitala osasuntha. A Fanizo akuti tidikire dzuwa. Kachewere wa chaka chino ndamuika m'manja mwa Mwini wake. Mzere umodzi uja tidzabzalamo, ukwana ndiwo za mlungu umodzi.

Christobel anadutsa mamawa ndi khasu. Chimanga chake chadzuka, akuti chabiriwira ngati sichinafotepo. Wandisiyira mazira awiri pansalu. Ndinafuna kukana, pakuti ndidziwa pemphero limene ndinapita nalo. Ndalandira. Okoma.

Paison tsopano afika m'bandakucha uliwonse, osatumidwa, osaimbiridwa foni. Maliro onse atha kwawo. Amaima m'mphepete mwa dambo, manja kumbuyo, kuyang'ana kakowa amene wasandutsa chiwongolero mpando wake. Lero anavula chipewa, nandipempha mwaulemu kuti Lamulungu likudzali ndipemphere kuti mvula ikhaleko kaye masiku atatu.

Ndamuyankha kuti ndamva. Abwere Lachitatu.